Dzanzi m'manja, khosi kuwawa: kodi ndisinthe handulo kapena stem?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Likuni amene amapalasa njinga popita kuntchito m'tauni ya Lilongwe. Akuti kwa zaka zambiri ankayendera njinga yakuda ija ya mabuleki a ndodo ndipo thupi silinadandaulepo. Chaka chino agula mountain bike ya kaunjika, ya magiya, koma chiiguleni, akangopalasa mphindi 30, chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zimachita dzanzi, ndipo madzulo khosi limawawa. Mnzawo wawauza kuti asinthe handulo. Akufunsa kuti: "Ndigule handulo yotani, nanga stem ija ikukhudzidwa bwanji?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndalama zija musungeni kaye. Mwina mudzagula kanthu pamapeto, koma pali zinthu zingapo zoti muyese musanapite kumsika, ndipo sizifuna ngakhale tambala.

Tiyambe ndi chimene chasintha. Panjinga yanu yakale, handulo inali pamwamba, yopindikira kwa inu, moti munkakhala chilili ngati muli pampando wa kutchalitchi ndipo thupi lonse linkatsamira pachishalo. Njinga zambiri za mtundu wa mountain bike zimene zimabwera m'kaunjika ndi za m'ma 1990, nthawi imene ankakonda kuika handulo yowongoka ngati ndodo, pa stem yaitali mamilimita 120 kapena 130, kutsogolo kwenikweni komanso mmunsi. Stem ndi kachitsulo kaja kamene kamagwira handulo pakati n'kuilumikiza ku foloko. Ikatalika, mumachita kunyanyamphirira handulo, zigongono zimawongokeratu, kulemera kwa chifuwa ndi mutu kumagwera m'zikhatho, ndipo kuti muone msewu mumatukula mutu ulendo wonse. Khosi lija likuchokera pamenepo. Dzanzi nalo lili ndi mwini wake: m'chikhatho, mbali ya chala chaching'ono, mumadutsa mtsempha umene madokotala amautchula kuti ulnar, ndipo ndi umene umapereka mphamvu ya kumva ku chala chaching'ono ndi theka la chinzake chija. Ukapanikizika nthawi yaitali, zala ziwirizo zimafa. Likanakhala dzanzi la chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, tikanaloza mtsempha wina wotchedwa median, umene umavutika dzanja likapindika kwambiri polumikizana ndi mkono.

Komatu ine anthu akandidandaulira za manja, ndimayamba ndayang'ana chishalo. Imikani njinga pamalo osalala, ikani kathabwa pamwamba pa chishalo, muone ngati mphuno yake yaweramira pansi. Ikawerama ngakhale pang'ono, mumatsetserekera kutsogolo osadziwa, ndipo manja ndi amene amagwira ntchito yokubwezani m'mbuyo pa kupalasa kulikonse. Chiwongoleni chikhale chopingasa. Kenako kutalika kwa chishalocho: mukaponda pedulo ndi chidendene ili pansi penipeni, mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekera mbali.

Pali cholakwika chimodzi chimene ndachiona kambirimbiri. Munthu akaona kuti handulo ili kutali, amakankhira chishalo kutsogolo kuti ayandikire. Zimamveka zanzeru, koma manja ndiye amalira kuposa kale. Taganizani mmene mumaweramira ponyamula ndowa ya madzi: matako amabwerera okha m'mbuyo kuti musagwe chafufumimba. Panjinga n'chimodzimodzi. Chishalo chikapita kutsogolo, palibenso chokukokerani m'mbuyo, ndiye chokuchirikizani chimatsala mikono basi. Chishalo chiikidwe pamalo oyenera miyendo, ndipo mtunda wopita ku handulo ukonzedwe ndi stem.

Tsopano onani mtundu wa stem yanu, chifukwa ilipo iwiri ndipo kasinthidwe kake n'kosiyana. Wakale umalowa m'kati mwa paipi ya foloko ndipo uli ndi bawuti imodzi yaitali pamwamba. Mukaimasula kawiri kapena katatu ndi Allen key, nthawi zambiri ya nambala 6, n'kuigogoda pamutu pang'ono ndi hamala, kachitsulo kamene kamathina m'katimo kamasiya ndipo stem imakwera kapena kutsika. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: pathupi la stem imeneyi pali mzere wodindidwa, wosonyeza malire okwezera. Mzerewo usaonekere kunja. Ndaonapo njinga zambiri m'misewu yathu stem itasololedwa mpaka kutsala kansonga kokha m'kati, wina atakweza mwana kukaliyala. Ikathyoka kapena kuzuka pamtsetse, palibe chogwira.

Mtundu winawo sulowa m'kati, umachita kukumbatira paipi ya foloko kunja ndi mabawuti awiri am'mbali, ndipo pamwamba pali kachivindikiro kokhala ndi bawuti yake. Umenewu susololeka. Mumaukweza posuntha timphete tija totchedwa spacers: tikakhala pamwamba pa stem, tichotseni mutiike pansi pake. Ndiponso stem yotereyi imatha kutembenuzidwa chadodolido. Zambiri zimakhala zopendekeka madigiri 6 kapena 7, zina 17, ndiye ngati yanu inaikidwa moloza pansi, kungoitembenuza kumakweza handulo ndi masentimita awiri kapena kuposerapo. Pomanga, yambani ndi bawuti ya pakachivindikiro, mongokwanira kuti foloko isagwedere, kenako mabawuti am'mbali. Mukatha, gwirani buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Mukamva kogokogo, masulani am'mbali mubwerezenso. Kukweza kuli ndi phindu lina lobisika. Popeza paipi ya foloko inapendekera m'mbuyo, mukakweza ndi mamilimita 10, handulo imayandikiranso kwa inu ndi mamilimita pafupifupi 3.

Ndikuuzeni mmene zinandiyendera ine. Njinga yanga inabwera ndi stem ya mamilimita 120. Ndinatenga tepi yoyezera, n'kuyeza kuchokera pamphuno ya chishalo kufika pakati pa handulo, n'kulemba m'kope pamodzi ndi tsiku. Pa paipi ya chishalo ndinamata kapepala ka selotepi kuti ndizidziwa pamene ndinayambira. Nditatembenuza stem, khosi linapepuka, koma dzanzi linangochedwerapo kubwera. Wokonza njinga wina amene ali ndi bokosi la zitsulo zakale anandibwereka ya mamilimita 90, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinazindikira kuti zigongono zanga zapindika zokha, mapewa atsika. Ndinaganiza kuti kufupikitsa kwina kuthandizanso, ndiye ndinayesa ya 60. Imeneyo sinandiyanje. Njinga inayamba kukhota msanga ndikangogwedeza dzanja pang'ono, pokwera chitunda tayala la kutsogolo linkapepuka ngati likufuna kunyamuka, ndipo msana unkapindika ngati uta. Ndinabwerera ku 90 ndipo ndi imene ilipo mpaka lero. Chilichonse ndinkachipatsa sabata yathunthu, kusintha chinthu chimodzi chokha, chifukwa mukasintha zitatu tsiku limodzi simudziwa chimene chakuthandizani.

Handulo ndinaisintha pomalizira, ndipo ndi pamene dzanzi linatheratu. Tayesani izi pompano: gwetsani manja m'mbali mwa thupi, kenako muwatukule kutsogolo osawaumitsa. Muona kuti zibakera sizikhala mzere umodzi wowongoka, mbali ya chala chaching'ono imabwerera m'mbuyo. Handulo yowongoka ngati ndodo imakakamiza dzanja kupotoka, ndipo mbali ya kunja ya chikhatho, kumene kuli mtsempha uja, ndi imene imadinikizika. Choncho funani handulo yokwera pang'ono, mamilimita 30 kapena 40, imene nsonga zake zabwerera kwa inu. Kwa munthu wopita kuntchito ndi chikwama kukaliyala, imeneyi ndimaikonda kuposa ina iliyonse. Tinyanga tija tomangirira kunsonga kwa handulo natonso timathandiza, poti timapatsa dzanja pena pogwira paulendo wautali. Handulo yopindikira pansi ya njinga za mpikisano ndiye isiyeni: ndi yonenepa mamilimita 23.8 pogwirira pomwe yanu ndi 22.2, moti zogwirira mabuleki ndi magiya zonse zingafunike zatsopano. Ya njinga yanu yakale nayo singalowe, chifukwa inapangidwira mabuleki a ndodo.

Musapitirirenso muyeso pokweza. Mukakhala chilili kwambiri, kulemera konse kumabwerera kuchishalo, ndipo chishalo chopyapyala cha mountain bike chimayamba kuluma. Ndiponso mphepo ya Mwera ikamawomba mu June ndi July, chifuwa chimasanduka thanga lokubwezani m'mbuyo.

Pokagula, miyeso ndiyo imapweteketsa anthu. Pakati pa handulo, pamene stem imagwira, pamakhala ponenepa mamilimita 25.4 panjinga zakale ndi 31.8 pa zatsopano. Ngati mulibe choyezera, dulani kapepala, kakulungeni pamalopo, kenako kayezeni ndi rula: kakakwana mamilimita pafupifupi 80 ndiye kuti ndi 25.4, kakafika 100 ndi 31.8. Stem yokumbatira ija nthawi zambiri imalowa papaipi ya 28.6, pomwe yolowa m'kati imakhala 22.2 kapena 25.4. Ine ndinagulapo stem ya 31.8 pomwe handulo ili ya 25.4, ndipo wogulitsayo anatseka mpatawo ndi chidutswa cha chubu, n'kunena kuti zigwira. Zinagwiradi masiku awiri. Tsiku lachitatu nditagunda hampu ndikugwira buleki, handulo inazungulira n'kuloza pansi, chifuwa changa n'kukamenya pa stem. Mwamwayi kumbuyo kunalibe minibasi. Pali timphete ta aluminiyamu topangidwira ntchito imeneyi, ndipo ngati sitikupezeka, bwezani katunduyo. Onaninso mawaya a mabuleki ndi magiya: mukakweza handulo, ikhotetseni mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, ndipo waya aliyense asakokeke.

Zing'onozing'ono zinanso: zogwirira mabuleki zizipendekera pansi motsatira mkono wanu kuti dzanja lisapindikire m'mwamba, timphira togwirapo tikauma tisintheni, ndipo tayala la kutsogolo musalipope mpaka kuuma gwa ngati mwala, makamaka ngati njira yanu ili ndi chigawo cha fumbi. Koma dzanzi likamakhalabe mpaka tsiku lotsatira, kapena mukaona kuti dzanja likulephera kumanga mabatani a malaya kapena kugwira cholembera, siyani kaye njingayo mupite kuchipatala.

Loweruka lino wongolani chishalo, kwezani kapena tembenuzani stem, mupalase sabata imodzi. Mukatero mundilemberenso, ndipo munditumizire kutalika kwa stem, mtunda wochokera pamphuno ya chishalo kufika pa handulo, ndi chithunzi chojambulidwa cham'mbali inu muli panjingapo manja ali pa handulo. Ndikaona zigongono zanu ndidzakuuzani ngati mukufunika stem ya mamilimita 90 kapena ya 100.