Makobidi akale: yankho kwa achimwene ofuna kudziwa malondawa

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti makobidi obowola a nthawi ya atsamunda akugulidwa ndalama zankhaninkhani, komanso kuti malondawa amayenda bwanji, popeza agogo anu anasiya chitini chodzaza makobidi ku Katete. Ine ndimayenda njira ya Lusaka, Chipata, Mwami mpaka Lilongwe ndi zitenje zomwe ndimapikula ku msika wa Kamwala ku Lusaka. Makobidi ndi malonda anga apambali, koma ndi amene ndimawakonda koposa, choncho ndikuuzani zoona zokhazokha.

Musanachite china chilichonse, makobidiwo musawatsuke. Musawakweche ndi phulusa, mandimu, Brasso kapena sitiliwulu. Anthu ambiri amabwera kwa ine ndi ndalama zonyezimira ali osangalala, ine mtima ukupweteka, chifukwa ogula enieni amafuna khobidi lili ndi khungu lake lakale. Mukaliika pansi pa galasi lokuza zinthu, lotsukidwa limaoneka timizere tokandika paliponse, ndipo mtengo wake umagwa pomwepo. Ligwireni m'mbali, liikeni m'kaenvulopu kakekake, basi.

Tsopano tsanulirani chitinicho pa nsalu, muwerenge dzina la dziko ndi chaka. Kuno ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland kunalibe makobidi olembedwa mayina amenewa. Makolo athu ankagwiritsa ntchito a ku Britain ndi a Southern Rhodesia, omwe anayamba kutuluka mu 1932. Pa a Southern Rhodesia amenewa yang'anitsitsani chaka. Tiki (ya makobidi atatu), sikisipensi, sheleni ndi zazikulupo za mpaka 1946 zili ndi siliva, zoyambirirazo wambiri, zakumapeto kwa nkhondo theka. Kuyambira 1947 siliva anamuchotsa pa ndalama za tsiku ndi tsiku, ngakhale mtundu umaonekabe woyera. Ndalama ya siliva ngakhale itafufutika nkhope ya mfumu, chitsulo chake chili ndi mtengo. Ndipo mukapeza ya masheleni awiri ya Southern Rhodesia ya 1946, musaigulitse kwa munthu woyamba kukupatsani mtengo, imeneyo ndi imodzi mwa zosowa.

Zomwe zimadzaza zitini zambiri ndi za chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland, chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo makobidi ake anayamba mu 1955. Khobidi lobowola lili ndi njovu ziwiri zitaimirira mozungulira bowolo, la hafu lili ndi akadyansonga. Sheleni ili ndi mphalapala, ya masheleni awiri ili ndi nkhwazi itagwira nsomba. N'zokongola, ine sinditopa kuziyang'ana. Koma zinapangidwa zochuluka zedi, ndipo obowola aja, amene mphekesera zimawatchula kwambiri, ndiwo otchipa kuposa onse. Lomwe layenda m'manja mwa anthu zaka zambiri mtengo wake n'ngochepa kwambiri. Bowolo silibisa chinsinsi chilichonse, ndi mmene analipangira.

Apa pali mbava, ndipo ndikufuna mundimvetse. Mudzamva zoti m'makobidi amenewa muli mekyule yofiira, kapena kuti limakoka mpunga, kapena kuti kuli mzungu amene akulifuna pa mtengo wogula nyumba. Nkhani yomweyi amaikambanso pa mashini akale osokera ndi masimbi a makala. Machenjera ake ndi amodzi: wina amakuimbirani foni kuti wogula alipo, kenako akuti mulipire kaye yoyezera khobidilo kapena yoyendera bwanayo. Mukatumiza pa foni, nambala ija imazima. Ndaonapo mayi wina atagulitsa mbuzi zake chifukwa cha bodza limeneli. Wogula weniweni sakulipiritsani kuti akugulireni.

Ine mtima wanga uli pa ndalama zoyambirira za ufulu. Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, inatulutsa sikisipensi, sheleni ndi masheleni awiri zokhala ndi chizindikiro cha boma, nkhope ya Kenneth Kaunda isanaikidwepo. Mu 1965 panatuluka yaikulu ya masheleni asanu yokumbukira chaka chimodzi cha ufulu, ili ndi nkhope yake, ndipo sikisipensi, sheleni ndi masheleni awiri za 1966 nazo zinamuika. Zimenezi sizinayende nthawi yaitali, chifukwa mu January 1968 kunabwera kwacha ndi ngwee, masheleni khumi kukhala kwacha imodzi. Ku Malawi za 1964 zili ndi nkhope ya Kamuzu Banda: tambala pa sikisipensi, chimanga pa sheleni, njovu pa ya masheleni awiri. Kumeneko kwacha inayamba mu 1971. Zoyenda m'manja sizidula, koma zomwe zinasungidwa zosagwiritsidwa ntchito, makamaka zili m'kabokosi kake momwe zinachokera kopangira, zimafunidwa. Ndimaona kuti ife eni ake timazipeputsa, pomwe ndi ndalama zoyamba kulembedwa dzina la dziko lathu.

Kagulidwe kake n'kotere. Ndikafika kumudzi kapena pa msika ndimafunsa akuluakulu, osula zitini, ogulitsa ziboliboli. Nthawi zambiri munthu amagulitsa mulu wonse pamodzi, ndiye ndimakhala pansi n'kusankha iye akuona. Ndimayenda ndi galasi lokuza zinthu ndi kasikelo kakang'ono koyeza magalamu. Maginito asakunamizeni: siliva sakakamira, koma zoyera za pambuyo pa 1947 nazonso sizikakamira. Chodalirika ndi chaka, kulemera kwake, ndi kulira kwake mukaigogoda pang'ono, siliva amalira motalika. Ndikapeza yabwino ndimamuuza mwini wake n'kumuwonjezera. Wonyengedwa amadzamva ndithu, ndipo m'mudzi umenewo simudzagulanso kanthu.

Pogulitsa pali misika iwiri yosiyana. Zofufutika zimapita kwa ogulitsa zokumbukira ulendo, monga ku Kabwata Cultural Village ku Lusaka, komwe alendo amagula khobidi la njovu kuti akaonetse kwawo, ena amapangira mikanda ndi ndolo. Phindu lake n'lochepa koma limabwera msanga. Zabwino zimafuna osonkhanitsa enieni, ndipo ambiri ali ku Johannesburg, London ndi pa intaneti. Iwo amafuna zithunzi zoonekera bwino za mbali zonse ziwiri, ndipo pa ndalama yodula amakhulupirira imene yayezedwa ndi makampani ngati NGC kapena PCGS n'kutsekeredwa m'pulasitiki. Kuyezetsako kumadya ndalama, choncho musatumize khobidi wamba. Pofufuza mtengo pa eBay, onani zomwe zinagulidwa kale, osati mitengo imene anthu angolemba. Tsamba la pa intaneti la Numista likuthandizani kudziwa kulemera ndi chitsulo cha khobidi lililonse.

Pa boda ya Mwami ndi Mchinji musabise. Makobidi ochepa m'thumba palibe amene amavutika nawo, koma akakhala katundu wamalonda auzeni a ZRA ndi a MRA, otolera msonkho a Zambia ndi Malawi, ndipo sungani kapepala kosonyeza komwe munagula. Mayiko onse awiri ali ndi malamulo oteteza zinthu zakale. Chinthu chakale kwambiri, makamaka chofukulidwa pansi, yambani mwafunsa a National Heritage Conservation Commission, bungwe loteteza zinthu zakale ku Zambia, musanatuluke nacho.

Pa zoti muikemo mpamba wanu wonse, ine ndikuti ayi. Zitenje ndimagula lero, sabata yamawa zatha. Khobidi labwino limatha kukhala chaka m'kabati kudikira munthu wolidziwa, ndipo lendi sadikira. Gulani ndi ndalama yomwe simuifuna msanga, ndipo limodzi losafufutika liposa thumba la zofufutika.

Chitini cha agogocho chisanjeni malinga ndi dziko ndi chaka, za 1946 kubwerera m'mbuyo muziike pazokha. Kambiranani ndi abale anu musanagulitse, poti n'chamasiye, ndipo mupatulepo zingapo za ana. Mukatero jambulani padzuwa, mbali zonse ziwiri, munditumizire. Ndikuuzani zoyenera kusunga ndi zoyenera kupita ku Kabwata.