Nambala ya chasisi pa galimoto yomanga nokha ku Britain: musadule ya Mazda ija

Bambo, mwati mwagula chasisi (chimango cha galimoto) chatsopano ku kampani yaing'ono yogulitsa zida zomangira galimoto, koma chabwera chopanda nambala. Injini, giyabokosi ndi siteringi mwachotsa m'Mazda MX-5 ya 1998 imene V5C yake (chikalata cha kalembera wa galimoto) ili m'dzina lanu. Ndiye mukufunsa ngati mungadule kachitsulo ka nambala pa Mazdayo n'kukawotcherera pa chasisi chatsopanocho, kuti muziyendera mapepala akale omwewo.

Chonde musatero. Pamaso pa DVLA, bungwe la boma lolembetsa galimoto, VIN (nambala ya chasisi) ndi ya thupi la galimoto limene inadindidwapo ku fakitale. Siyenda ndi injini, siyendanso ndi mwini wake. Mukaisamutsira pa chasisi china mwachita zimene amachita akuba galimoto, ndipo wapolisi kapena woyesa galimoto akaona mzere wa zowotcherera kuzungulira nambalayo sayamba wafunsa ngati munali ndi mtima wabwino. Lamulo la Vehicle Excise and Registration Act 1994, ndime 44 ndi 45, limaletsa kugwiritsa ntchito nambala puleti kapena mapepala a galimoto mwachinyengo komanso kuuza DVLA zabodza. Choopsa china n'cha inshuwalansi. Ngati pepala likuti Mazda koma pamsewu pali galimoto ina, tsiku la ngozi kampani ili ndi chifukwa chokanira kukulipirani, ndipo ndalama zimene ingapereke kwa wovulala ikhoza kudzazifuna kwa inu.

Njira yoyenera imayamba ndi kupeza VIN yatsopano, ndipo muipeze musanapemphe tsiku loyesetsa galimoto. Yambani mwafunsa amene anakugulitsani chasisi. Makampani odziwika monga Caterham amadinda nambala yawo chasisi chisanatuluke, ndipo ena ang'onoang'ono amapereka nambala mukawapempha, n'kuilemba pa lisiti. Akakana kapena ngati kampaniyo inatsekedwa, lemberani kalata nthambi ya DVLA yoona za galimoto zomangidwa ndi zokonzedwanso ku Swansea, mufotokoze chimene mwamanga ndi kumene zida zachokera. Akakhutira amakutumizirani kalata ya chilolezo yokhala ndi nambala, imene kawirikawiri imayamba ndi SABTVR. Nambalayo ikadindidwa, galaja imatsimikiza pa kalatayo ndipo mumaibweza ku DVLA. Popanda chitsimikizo chimenechi kalembera sayenda.

VIN imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Iyenera kuoneka malo awiri. Koyamba, ikhomedwe m'chitsulo cha chasisi penipeni, mbali ya kumanja kwa galimoto. Kachiwiri, ilembedwe pa kachikwangwani ka wopanga, kokhala ndi dzina lake, komangidwa molimba pa gawo losachotseka. Apa m'pamene anthu ambiri amagwera. Wina amakhoma nambala pa boneti kapena pa chitsulo chomangidwa ndi mabawuti, chimene mawa chingamasulidwe. Wina amakhoma bwinobwino, kenako n'kupaka penti yokhuthala, 8 n'kumaoneka ngati 3. Winanso amalemba 5 pa kachikwangwani pamene pa chasisi pali S. Khomani musanapake penti, pamalo pamene munthu angawerenge osamasula mpando kapena thanki, yambani mwayeserera pa chidutswa cha chitsulo, ndipo muwerenge chilembo chimodzichimodzi poyerekeza ndi kalata ya DVLA. Mukalakwitsa musapale n'kukhomanso mwakachetechete, chifukwa nambala yopalidwa imaoneka ngati yakuba. Jambulani cholakwikacho, mulembere amene anakupatsani nambalayo, akuuzeni chochita.

Nambala ikakhala, pemphani IVA, mayeso ovomereza galimoto imodzi payokha, ku DVSA, bungwe la boma loyesa galimoto, kapena ku bungwe linzake la DVA ngati muli ku Northern Ireland. Mayeso amenewa analowa m'malo mwa mayeso akale a SVA mu 2009, ndipo si MOT, mayeso a chaka ndi chaka a galimoto zoyenda kale. Amaona mmene galimoto yamangidwira: mabuleki, nyali, pomangirira malamba a mipando, utsi, phokoso, ngakhale nsonga zakuthwa zimene zingacheke munthu. Mudzasainanso chikalata chonena kuti mwamanga nokha osati pochita malonda, ndipo zithunzi za ntchito yonse, kuyambira chasisi chili chokha, ndi umboni wanu. V5C ya Mazda isungeni bwino pa chifukwa china: imasonyeza zaka za injini. Utsi amauyesa molingana ndi chaka cha injiniyo, ndipo mukalephera kusonyeza chakacho amakuyesani pa muyezo wokhwima wa injini zatsopano. Onetsetsani kuti nambala ya pa injini ikufanana ndi ya pa V5C. Ngati mwini wakale anasinthapo injini osauza DVLA, pezani umboni wina tsiku lisanafike.

Mumaloledwa kuyendetsa galimotoyo popita ku mayeso amene mwapatsidwa kale tsiku ndi pobwerera, bola ikhale ndi inshuwalansi yolembedwa pa VIN. Si chilolezo chokayendera abale. Ikalephera, mutha kukonza n'kubwereranso, kapena kuchita apilo pasanathe masiku 14 ngati mukuona kuti woyesayo walakwitsa. Mukasankha apilo musakhudze chimene akudandaula mpaka achionenso.

Ikapambana amakupatsani satifiketi, ndipo mumaitumiza ku DVLA pamodzi ndi fomu ya V627/1 yofotokoza kumene zida zikuluzikulu zachokera, fomu ya V55/5 yolembetsera galimoto, malisiti enieni, zithunzi, V5C ya Mazda, umboni wa dzina ndi adiresi yanu, ndalama ya kalembera woyamba yokwana £55 ndi msonkho wa pamsewu. Fomu ya V55/4 ndi ya galimoto imene zida zake zonse ndi zatsopano, kupatula chimodzi chokha chokonzedwanso kufika pa muyezo wa chatsopano, chimene sichingakhale chasisi. Yanu siili m'gulu limenelo. Mafomuwa tengani atsopano pa webusayiti ya boma ya GOV.UK, chifukwa DVLA inasintha malamulo ena a galimoto zokonzedwa ndi zosinthidwa mu 2025.

Tsono nambala puleti. Ya Mazda ija simuisunga, poti chasisi si chake. Koma popeza muli ndi chasisi chatsopano chochokera kwa opanga zida, ndipo mwatenga zida zikuluzikulu zosachepera ziwiri m'galimoto imodzi yodziwika, muli ndi mwayi wopatsidwa nambala ya zaka zofanana ndi za Mazdayo. Zida zowerengedwa ndi injini, giyabokosi, siteringi, ma ekiselo onse awiri, ndi sasipenshoni yakutsogolo ndi yakumbuyo. Zanu zitatu zija zikukwanira. Umboni ukaperewera amapereka nambala yoyamba ndi Q, kutanthauza kuti zaka kapena chiyambi cha galimotoyo sichikudziwika. Galimoto ya Q ndi yovomerezeka pamsewu, koma simungaikepo nambala yosankha nokha, makampani ena a inshuwalansi amaikana, ndipo pogulitsa mtengo umatsika. N'chifukwa chake lisiti la chasisi ndilofunika kwambiri kuposa lina lililonse. Likhale ndi dzina la kampani, tsiku, ndi mawu osonyeza kuti chasisicho n'chatsopano. Ngati munangolipira pa banki opanda lisiti, lipempheni tsopano kampaniyo ikadalipo.

Samalaninso ndi thupi la Mazda limene latsala pabwalo. Musalipereke kwa ophwanya galimoto n'kuwasiyira V5C musanamalize kalembera wanu. Galimoto ikatulutsiridwa Certificate of Destruction (chikalata chosonyeza kuti yaphwanyidwa) imafufutidwa ku DVLA, ndipo mwina mungavutike kusonyeza kuti injini ndi giyabokosi zanu zinachokera mmenemo. Jambulani VIN ya Mazdayo ili pamalo pake, jambulaninso nambala ya injini, ndipo V5C mudzaitumize ku Swansea mu envelopu imodzi ndi mapepala ena aja, mutasunga kope la pepala lililonse.