Alamu akuti mafilimu anu ndi zinyalala, nde mutani?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa pulaimale cha ku Santhe konkuno ku Kasungu. Dzina anati ndisatchule. Ndaifupikitsa koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, alamu anga abwera kuchokera ku yunivesite ku Joni ndipo akukhala kwathu. Ife madzulo timaonera za chi Naija ndi zomasulira zija, ana amakonda Fast and Furious. Iwo akuti zonsezo ndi zinyalala. Loweruka anatiikira filimu ya chi French ya maola atatu ndi kuposa, mzimayi akungosenda mbatatesi, kutsuka mbale, kuyala pabedi. Tonse tinagona kupatula iwo. M'mawa amvekere sindikudabwa, maso anu ndi osaphunzira. Kodi ndife mbuli? Ndizidzikakamiza kuonera zimenezi?"

Mayi, pepani ndayamba ndaseka kaye kkkk, chifukwa filimu imeneyo ndikuidziwa ndipo nanenso ulendo woyamba inandigoneka pa mpando, kudzuka khosi likuwawa. Dzina lake ndi Jeanne Dielman, ya mu 1975, anaipanga mayi wa ku Belgium Chantal Akerman, ndipo ndi ya maminitsi 201. Alamu anuwo sanaitole pamsewu ayi. Magazini ina ya ku Britain, Sight and Sound, zaka 10 zilizonse imafunsa akatswiri a mafilimu kuti yopambana zonse ndi iti, ndipo mu 2022 inakhala nambala wani ndi imeneyi. Nde munthu akachoka ku sukulu ali ndi dzina limeneli m'thumba amafuna poti alitulutsire, ngati mnyamata woti wangogula galimoto amene amaika makiyi patebulo aliyense awaone.

Koma chandiseketsa kwambiri ndi choti pa anthu onse amene munali pa balaza tsiku limenelo, woidziwa bwino filimuyo ndinu osati iwo. Nkhani yake ndi ya mayi wamasiye, masiku atatu a moyo wake, kuphika, kuchapa, kupukuta nsapato za mwana wake wamwamuna yemwe amangofika kudya osathokoza nkomwe. Kamera siithawa, imangokhala phee mpaka mbatatesi yomaliza isendedwe, ntchito ija mafilimu ena onse amaidumpha ngati nsima imadziphika yokha. Kenako tsiku lachiwiri mbatatesi zija zipsa mopyola, kanthu kakang'ono, koma poti wakhala naye nthawi yaitali ukumuona akuchita chilichonse mwadongosolo, umadziwa kuti pano china chake chasokonekera m'mutu mwa mayiyu. Mathero sindikuuzani. Nde inu munadzuka 5 koloko, kusesa, kuphikira anthu kuphatikizapo alamuwo, kuchonga makope a ana 90, madzulo munthu nkukuikirani filimu ya mzimayi wotopa ndi ntchito za pakhomo, mukanapanda kugona ndikanadabwa.

Tsono za umbulizo. Ine mafilimu ndinawaphunzirira mu video show pa Kasungu boma, kachisakasa ka zigwagwa, mabenchi opanda potsamira, jenereta ikulira kuseri, panja bolodi atalemba ndi choko Rambo 2 koloko, Jackie Chan 4 koloko. Ukakhala ulibe ndalama umasuzumira pa kabowo mpaka akuthire madzi. Mkatimo munali fungo la thukuta ndi chimanga chootcha, ndipo tonse timadziwa lamulo loti ekita safa, akamenyedwa kwambiri timangoti mudikire akwiye. Chizungu timamva? Olo pang'ono. Za chi India ngati Disco Dancer ija ya Mithun Chakraborty timayimba nawo nyimbo zake osadziwa olo liwu limodzi la chi Hindi. Mwana wa m'chisakasa chimenecho anaonera za ku Hong Kong, za ku Bombay, za ku Lagos ndi za ku America sabata imodzi.

Ndikunena izi chifukwa mawu akuti filimu yakunja, amene anthu odzimva aja amanyadira nawo, anapangidwa ndi anthu a ku America ndi ku Britain amene kwa iwo chilichonse chosakhala m'Chingerezi ndi chachilendo. Kwa ife kuno Rambo ndi wakunja, Avengers ndi yakunja, Aki ndi Pawpaw ndi akunja. Zimene mzungu wa ku London amadzitama nazo kuti ine ndimaonera za zilankhulo zina, agogo anga a ku Chulu amachita tsiku lililonse ali pa mphasa. Ndipo taonani izi, filimu ya William Kamkwamba ija, The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, anaijambula konkuno cha ku Wimbe, anthu akuyankhula Chichewa, a Chiwetel Ejiofor, osewera ngati bambo ake a William, atachita kuphunzira movutikira mpaka ife timaseka katchulidwe kake. Inaonetsedwa ku Sundance, chionetsero chachikulu cha mafilimu ku America, ndipo dziko la Britain linaitumiza ku ma Oscar m'gulu la mafilimu a zilankhulo zina. Nde kwa iwo imeneyo ndi filimu yozama yofuna kuwerenga mawu a pansi aja, kwa ife ndi nkhani ya njala ya 2002 ndi mwana wa kwa Masitala basi.

Zomasulira zija alamu akuzinyozazo, muwauze za Who Killed Captain Alex. Inapangidwa mu 2010 ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu Kampala, ndi bambo wina Nabwana IGG, ndalama zake zosafika olo $200, mfuti zosema ndi zowotcherera, helikopita yojambula pa kompyuta yoti mwana atha kuona kuti ndi yabodza. Pamwamba pake pali mnyamata akuyankhulira, kuseka, kunyoza ma ekita, ndendende zimene anyamata athu omasulira amachita akamapatsa Jet Li dzina la ku Ntcheu ndi kumuyankhulitsa za ngongole ya feteleza. Filimu imeneyi lero ili ndi anthu oikonda mpaka ku America ndi ku Ulaya, amaitcha cult, kutanthauza kagulu ka anthu amene amaikonda mopenga olo dziko lonse lisaidziwe. Chinthu chomwecho chikachitika pa Chinkhoma ndi umbuli, chikadutsa kaye ku New York nkubwerera chasanduka chapamwamba, koma abale.

Ngakhale mpanda umene amaika pakati pa zozama ndi za ndewu ndi wobowokabowoka. Akira Kurosawa wa ku Japan, amene aliyense wodzimva amamutchula, Seven Samurai yake ya mu 1954 ndi nkhani ya alimi otopa ndi mbava zowabera zokolola amene akalemba ganyu ankhondo 7 malipiro ake chakudya. Malupanga, mahatchi, matope, mvula. Aku America anaitenga nkupanga The Magnificent Seven mu 1960, ndipo George Lucas ananena yekha kuti popanga Star Wars anatengerako kwa Kurosawa yemweyo. Muiike mu video show ndi womasulira wabwino muone ngati ana atuluke.

Koma ndisakunamizeni kuti alamu alibiretu mfundo, ali nayo, angoinena mwamwano. Si zoona kuti mafilimu onse ndi ofanana, ine zimenezo ndimakana. Pali za chi Naija zina zoti nkhani ya ola limodzi aikoka mpaka part 4, munthu akuyendetsa galimoto kuchoka pa geti maminitsi asanu tikungoonera, pofuna kuti tibenetse zambiri. Ndipo zikuluzikulu za ku Hollywood zambiri amaphika ndi mphika umodzi, chifukwa ukaika madola 200 miliyoni pa filimu sungayerekeze kuchita zachilendo, uyenera kusangalatsa wa ku China, wa ku Brazil ndi wa ku Kasungu nthawi imodzi, nde zonse zimatuluka kukoma kofanana ngati chipisi cha pa chiwaya. Martin Scorsese, katswiri wopanga mafilimu wa ku America, mu 2019 ananena kuti za Marvel, za ma Avengers zija, kwa iye zili ngati malo a masewera a makatungwe osati cinema, anthu anatukwanizana miyezi pa intaneti, chaka chomwecho Avengers: Endgame ikutolera pafupifupi madola 2.8 biliyoni. Ine ndimagwirizana naye theka. Chipisi ndimadya ndipo ndimachikonda, koma sabata yathunthu chipisi chokhachokha thupi limayamba kufuna nkhwani wotendera.

Nde kudzikakamiza ayi musatero, koma kulawa lawani, ndipo muyambire pamene pali pafupi ndi inu osati pamene alamu akufuna kukugometserani. Pezani Bicycle Thieves ya ku Italy, 1948, ola limodzi ndi theka basi. Bambo wapeza ntchito yomata mapepala m'makoma yofuna njinga, mkazi wake apinyolitsa nsalu za pabedi kuti akawombole njingayo, tsiku loyamba lomwelo aba. Filimu yonse ndi iye ndi kamwana kake kusakasaka mu Rome. Wosewera ngati bamboyo sanali ekita nkomwe, anali wogwira ntchito m'fakitale. Wakabaza aliyense pa depoti angaimve imeneyi kuposa pulofesa. Ina ndi Mandabi ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, 1968, m'chilankhulo cha Wolof, bambo walandira ndalama kuchokera kwa mphwake wa ku Paris koma sangaitape poti alibe chiphaso, uku achibale ndi aneba amva kale ayamba kubwera kudzakongola. Ndiuzeni ngati imeneyo si nkhani ya banja lililonse lokhala ndi mwana ku Joni. Sembène anali wolemba mabuku, anapita ku mafilimu ataona kuti anthu akwawo ambiri sangawerenge zimene amalemba, cholinga chinali kufikira anthu wamba, osati kuwachititsa manyazi.

Ana anu a Fast and Furious aja, akuluakuluwo, ayeseni Parasite ya ku Korea, inawina ku mpikisano wa mafilimu wa ku Cannes, ku France, mu 2019 ndi Oscar ya filimu yopambana mu 2020, yoyamba yosakhala ya Chingerezi kutero, koma imathamanga ngati ya akuba. Ang'onoang'ono akagone kaye, muli magazi. Ndipo muwafunse alamuwo ngati anaonerako Seasons of a Life kapena The Last Fishing Boat za a Shemu Joyah. Ndakumana nawo ambiri otchula maina a ku France osapumira koma ya kwawo konkuno olo imodzi.

Ya mbatatesi ija musaitaye, mudzaionere tsiku la holide masana mutapuma, muidule pawiri ngati mukufuna, palibe adzakumangeni. Alamuwo muwaitane akhale nanu, muwapatse beseni la kachewere ndi mpeni azisenda limodzi ndi mayi wa mufilimuyo, za madzulo zikhale zokazinga. Mundilembere kuti anafika nazo pa miniti yachingati.