Musagule RAM ina, achimwene, yambani ndi BIOS

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwachotsa CPU (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 2600 n'kuikapo Ryzen 5 5600 pa bolodi yanu ya B450, ndiye RAM (memole yomwe kompyuta imagwiriramo ntchito) yomwe pa bokosi analemba liwiro la 3200 ikuyenda pa 2133. Mukayatsa XMP, yomwe imakweza RAM kufika pa liwiro la pa bokosi, mafani akumazungulira koma sikirini ili bii. Mwatinso masitiki a RAM muli nawo anayi, awiri akale ndi awiri omwe munagula pambuyo pake a kampani ina, ndipo mukufuna kudziwa ngati mugule RAM yatsopano komanso mmene mungaikankhire mpaka 3600. Ndalamazo zisungeni kaye. Ine ndikuona kuti palibe chomwe chafa m'kompyutamo.

Za 2133 zisakudetseni nkhawa. RAM ya DDR4 imakhala ndi liwiro loyambira lomwe bolodi iliyonse imatha nalo, kawirikawiri 2133 kapena 2400, pa mphamvu ya 1.2V. Nambala ya 3200 ija imasungidwa padera mu XMP, ndipo imafuna 1.35V pa RAM zambiri. Mukasintha CPU kapena kuika BIOS yatsopano (BIOS ndi pulogalamu ya pa bolodi yomwe imadzutsa kompyuta Windows isanatseguke), bolodi imaiwala zonse zomwe munatchera n'kubwerera poyambira. Pa bolodi za ASUS musafunefune mawu oti XMP, kumeneko amati DOCP, pomwe MSI amati A-XMP. Komanso mukatsegula CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zida za m'kompyuta, n'kuona 1600 pa DRAM Frequency, musadandaule, imeneyo ndiye 3200 yanuyo, chifukwa pulogalamuyi imaonetsa theka. Mukaona 1066, pamenepo ndiye mulidi pa 2133.

Chomwe ndikuchikayikira kwambiri ndi masitiki anayiwo. Kachipangizo koyendetsa RAM kali m'kati mwa CPU momwemo, osati pa bolodi. Ka 5600 n'kamphamvu kuposa ka 2600, moti AMD, kampani yopanga Ryzen, imalonjeza 3200 pa 5600 pomwe pa 2600 inkalonjeza 2933. Koma lonjezo limenelo ndi la masitiki awiri. Akakhala anayi katundu amachuluka, ndiye akakhalanso osiyana kampani zimavutirapo, chifukwa BIOS imatenga XMP ya sitiki imodzi n'kukakamiza onse kuti atsatire. Onse atha kulembedwa 3200, koma ena n'kukhala CL16 ena CL18 (CL ndi kanthawi komwe RAM imadikira isanayankhe), ndipo tchipisi ta m'kati n'kukhala ta Samsung kwina, ta Micron kapena Hynix kwinako. Zili ngati kumanga ng'ombe ndi bulu pa ngolo imodzi.

Ndiye chitani chonchi. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka pa bolodi, ka CR2032, dikirani mphindi zisanu, kabwezereni. BIOS ibwerera poyambira ndipo sikirini iyakanso. Kenako chotsani masitiki onse, musiye awiri okha ofanana, omwe munagulira limodzi. Muwaike pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera pa CPU, pomwe pa bolodi analemba A2 ndi B2. Izi anthu amazipeputsa, koma pa bolodi zambiri masitiki awiri akakhala pa A1 ndi B1 amakana kufika pa liwiro lawo. Kanikizani mpaka mumve kuti khethe mbali zonse ziwiri. Ngati timano tagolide ta sitiki tada ndi fumbi, pukutani mofatsa ndi kansalu kouma koyera musanabwezeretse.

Musanayatse XMP onani BIOS yanu kuti ndi ya liti. Ndikudziwa kuti munaikweza kale, apo ayi 5600 sikanayaka n'komwe pa B450, koma ambiri amaika yoyamba yomwe inayamba kulandira Ryzen 5000 n'kulekera pomwepo. Zomwe zinatuluka pambuyo pake zinakonza zambiri. Fufuzani pa tsamba la kampani yomwe inapanga bolodi yanu, mutenge yomwe ili ndi AGESA 1.2.0.7 kapena yoposerapo (AGESA ndi gawo la BIOS lochokera ku AMD). Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: musakweze BIOS pa magetsi a kukhoma okha. Akathima ntchito ili m'kati, bolodi imatha kufa osadzukanso, makamaka ngati ilibe kabatani ka BIOS Flashback kumbuyo, kobwezeretsera BIOS ikaonongeka. Bwerekani UPS, kabokosi kosunga magetsi, kapena pitani kwa mnzanu yemwe ali ndi invetala. Ndipo ngati Windows yanu ili ndi BitLocker, yomwe imakhoma mafayilo, kiyi wake mulembe pa pepala musanayambe, chifukwa kukweza BIOS kumatha kusintha za fTPM, gawo la m'CPU losunga makiyi, ndipo zimenezi zimatha kukutsekerani kunja kwa mafayilo anu omwe.

Tsopano yatsani XMP, sungani, muisiye. Kompyuta itha kuzima ndi kuyaka yokha kangapo, sikirini ili yakuda. Ikuyesa RAM imeneyo, musathamangire kuzimitsa, ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu. Ikakana, siyani XMP yoyaka koma liwiro mutsitse pamanja kufika pa 2933, ikalola mukwere pa 3000, kenako 3200. Onetsetsani kuti DRAM Voltage, mphamvu yopita ku RAM, ili pa 1.35V, chifukwa bolodi zina zimaisiya pa 1.2V ngakhale XMP itayatsidwa. SoC Voltage, mphamvu ya kachipangizo koyendetsa RAM kaja, mutha kuiika pa 1.1V, koma musapyole 1.2V zivute zitani. Musinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi, n'kulemba m'kope zomwe mwasintha.

Pali china chomwe chimachitika posintha CPU chomwe chimanamiziridwa RAM. Pa AM4, mtundu wa mpata wa CPU wa pa bolodi yanuyi, timapini tili pa CPU, ndipo nthawi zambiri pochotsa chozizitsira CPU imamatirira n'kuzuka nayo limodzi. Pini imodzi ikapindika poika yatsopanoyo, kapena mukamanga zomangira za chozizitsira mbali imodzi mwamphamvu kuposa inzake, mipata iwiri ya RAM imatha kusiya kugwira. Chizindikiro chake n'choti sitiki yomweyo ikugwira pa A2 koma pa B2 ikukana, kapena Windows ikuona theka la RAM. Zikatero tsegulani, yang'anani timapini pa kuwala kwa tochi ya foni mutapendeketsa CPU, mzere ndi mzere, kenako mumange zomangirazo modumphitsa, pang'onopang'ono, mpaka zonse zifanane.

Windows ikatseguka pa 3200 musanene kuti zatheka. Kuyaka n'kosavuta. RAM yosakhazikika imawononga mafayilo mwakachetechete, lero gemu yatseka yokha, mawa vidiyo ya kasitomala yakana kutseguka. Ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi, muisiye iyende usiku wonse imalize maulendo ake anayi. Cholakwika ngakhale chimodzi ndi cholakwika ndithu, tsitsani liwiro muyesenso. Awiriwo akapambana, bwezerani ena aja n'kuyesanso onse pamodzi. Mwina anayiwo alola 2933 yokha. Pamenepo musankhe malinga ndi ntchito yanu: ngati mumakonza mavidiyo ndi zithunzi zazikulu, 32GB ya masitiki anayi pa 2933 ikuthandizani kuposa 16GB ya awiri pa 3200. Ngati ndi magemu okha, masitiki awiri akwanira, enawo gulitsani.

Za 3600 ija. N'zoona kuti Ryzen 5000 imakonda 3600, chifukwa pamenepo Infinity Fabric, njira yolumikiza magawo a m'kati mwa CPU, yomwe mu BIOS amailemba FCLK, imayenda pa 1800 mogwirizana ndi RAM. Koma RAM yanu ndi ya 3200, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti ifikako. Mukafuna kuyesa, yesani ndi masitiki awiri okha: liwiro 3600, FCLK 1800, CL muikweze kufika pa 18, mphamvu isapyole 1.4V. Mukatero yesaninso ndi MemTest86, komanso tsegulani Event Viewer, momwe Windows imalembamo zovuta zake, muone ngati mukubwera machenjezo a WHEA-Logger nambala 19. Amenewo akayamba, kapena mawu akayamba kuthetheka m'masipika, FCLK yalemedwa, bwererani. Kunena zoona phindu lake ndi lochepa, pa ntchito zambiri simungalione ndi maso. Ine ndikanakhala inu ndikanakhazikika pa 3200, ndipo za PBO ndi Curve Optimizer, zokankhira liwiro la CPU, sindikanazikhudza mpaka RAM itatha sabata zingapo osavuta, chifukwa mukasintha zonse pamodzi kompyuta ikadzagwa simudziwa cholakwa n'chiti.

Mukayesa awiri aja pa A2 ndi B2, tumizani kuno zithunzi za CPU-Z, tsamba la Memory ndi la SPD pa sitiki iliyonse, pamodzi ndi dzina lonse la bolodi ndi nambala ya BIOS. Ndizione, tipitirire pamenepo.