Mashifiti a maola 12 akundilanda banja

FUNSO: Ndimayendetsa makina pa fakitale ina yopanga mabotolo apulasitiki. Timalowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 6 koloko madzulo kwa masabata awiri, kenako masabata awiri otsatira timachezera usiku wonse, ndipo timapuma tsiku limodzi lokha pa sabata. Akazi anga akudandaula kuti ndasanduka mlendo pakhomo, ana ndimawapeza atagona, komabe ndalama za ovataimu n'zimene zikutithandiza kuwaphunzitsa. Kodi ndingatani? — Bambo wa ana atatu

YANKHO: Bambo, tikawerengera bwino, mukugwira maola 72 pa sabata, ndipo mukachotsapo nthawi ya paulendo ndi maola 7 kapena 8 a tulo amene munthu wamkulu amafunikira, chotsalira banja n'chochepa kwambiri. Choncho madandaulo a mayi a kunyumbawo ndi omveka, ndipo sangathe ndi kupepesa kokha ngati maolawo sasintha.

Nkhaniyi si yachilendo. Pangano loyamba la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1919, linali lokhudza anthu a m'mafakitale ngati inu. Linakhazikitsa maola 8 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata, komanso linanena kuti ola la ovataimu lizilipidwa ndi ndalama yowonjezera yosachepera 25 peresenti. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, choncho werengani kalata yanu ya ntchito limodzi ndi lamulo la zantchito la kwanuko, ndipo muzilemba m'kabuku nthawi yolowera ndi yowerukira tsiku lililonse, chifukwa pamkangano wa malipiro kukumbukira ndi mutu sikuthandiza.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi thanzi lanu. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi la ILO analengeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti, pamene cha kufa ndi matenda a mtima chimakwera ndi 17 peresenti. Ntchito ya usiku imawonjezera vuto lina, pakuti thupi limafooka kwambiri chakum'bandakucha, nthawi imene inu mumakhala mutaimirira pafupi ndi makina otentha, maso akulemera, dzanja likuchedwa kuchoka pamene silikuyenera kukhala. Ofufuza anapeza kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa.

Tulo ta masana titetezeni ngati gawo la ntchito yeniyeniyo. Tchingani mawindo ndi nsalu yokhuthala, zimitsani foni, gonani nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo musamwe khofi shifiti ikatsala pang'ono kutha. Ana auzidwe momveka kuti bambo akudzuka nthawi yakuti, ndipo nthawiyo ikakwana mukhale nawodi, ngakhale kwa theka la ola, kuona makope awo a kusukulu. Mwana amapirira kusowa kwa kholo mosavuta akadziwa nthawi imene alione.

Za ovataimu, khalani pansi ndi akazi anu, muwerengere limodzi ndalama zimene imabweretsa ndi zimene ikulipira, kenako mugwirizane mwezi umene mudzaichepetse. Ife timaona kuti ovataimu yopanda malire imazolowereka msanga, mpaka banja limayamba kuiwerengera ngati malipiro a mwezi, ndipo zikafika pamenepo kuikana kumavuta ngakhale thupi litatopa.

Ndandanda ya mashifiti simungaisinthe nokha, ndiponso kupita kwa kapitawo muli nokha kungakupatseni dzina la ulesi. Pitani ndi anzanu, kapena kudzera kubungwe la ogwira ntchito ngati lilipo, mutakonza zopempha zenizeni: kuchepetsa masiku otsatizana ogwira usiku, kulandira ndandanda nthawi ikadalipo, komanso kupuma mokwanira pakati pa mashifiti, monga m'mayiko a European Union kumene lamulo limafuna maola 11 otsatizana. Ngati fakitale ingavomere mashifiti atatu a maola 8, kusinthana kuziyenda kuchokera m'mawa, kupita masana, kenako usiku, chifukwa thupi limazolowera msanga kugona mochedwerapo kusiyana ndi kugona mofulumirirapo. Mabwana amamva bwino mukawaonetsa katundu wowonongeka, ngozi ndi kujomba kumene kutopa kumabweretsa. Ngakhale Henry Ford, amene sankasewera ndi phindu, anakhazikitsa sabata ya masiku asanu ndi maola 40 m'mafakitale ake a galimoto mu 1926.

Pakadali pano, pitani kuchipatala mukayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo muwafotokozere adokotala maola amene mumagwira.