Musasiye uphunzitsi musanawerenge kontirakitiyo

Achemwali, anthu m'gulu muno akukuyamikirani kuti mwadutsa, ndipo ena akukuuzani kuti mulembe kalata yosiya uphunzitsi mawa lomwe chifukwa mwapatsidwa malo m'sewero la tsiku ndi tsiku la pa kanema, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wakufunsani zimene zalembedwa mu kontirakiti yanu. Ine ntchito imeneyi ndinaigwira ku Johannesburg, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira mmene inathera.

Ndinkasewera ngati namwino. Tinkafika kusanache, kudzozedwa zodzoladzola, kenako kujambula mpaka madzulo, ndipo pochoka ankatipatsa mapepala a mawu oti tikaloweze usiku womwewo, chifukwa sewero loonetsedwa masiku asanu pa sabata silidikira munthu wodwala kapena wotopa. Tsiku lina madzulo ndinalandira mapepala anga monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinayamba kuwawerenga ndili m'chipinda chovalira, yunifolomu ya unamwino idakali m'thupi. Chakumapeto kwa mapepalawo ndinapeza kuti namwino uja wagundidwa ndi galimoto pachipata cha chipatala ndipo wafera pomwepo. Palibe amene anandiitana mu ofesi, palibe amene anandiimbira foni, ndipo mkulu wa sewerolo, amene m'mawa wa tsiku lomwelo anandipatsa moni akumwetulira ndi kundifunsa za ana, ankadziwa kalekale kuti wandichotsa. Anzanga ena anali atawerenga kale mapepala awo, n'chifukwa chake masana onse ankandizemba maso.

Chimene sindidzamukhululukira bambo ameneyo n'chakuti anandigoneka m'bokosi la maliro kuti ajambule mwambo wonse. Ndinagona mmenemo nkhope itapakidwa ufa wotuwa, manja atapingasa pachifuwa, magetsi akundiotcha, ndipo anthu ondilira akangomva kuti kujambula kwaima ankayamba kucheza za chakudya cha masana pamutu panga. Iye ankakuwa kuti chifuwa changa chikuoneka kuti chikupuma, tibwereze. Ndinkagwira mpweya uku ndikuwerengera mumtima lendi ya mwezi wotsatira ndi fizi ya mwana wanga. Titamaliza anawomba m'manja, anandipatsa maluwa omwe aja anali pabokosi, ndipo mlonda wa pageti anandilanda chiphaso cholowera. Patapita miyezi anthu ankandizindikirabe m'takisi n'kumandipempha kujambulitsa nawo, ena kundipempha ndalama poganiza kuti ndine wolemera, pamene ine ndinali kugulitsa katundu wa m'nyumba. Magawo amene ndinasewera anawaonetsanso kachiwiri, koma sindinalandire ngakhale kakobiri, chifukwa kontirakiti inanena kuti nkhope yanga ndi mawu anga n'zawo mpaka kalekale.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ife osatchuka tokha. Mu Ogasiti 2014 akatswiri 16 a sewero la Generations, lija linkaonetsedwa pa kanema wa SABC1 wa ku South Africa, anachotsedwa ntchito onse pamodzi atanyanyala pofuna malipiro abwino, makontirakiti otalikirapo ndiponso gawo lawo la ndalama sewerolo likamaonetsedwanso. Pakati pawo panali Menzi Ngubane ndi Sophie Ndaba, anthu amene nkhope zawo zinkadziwika m'nyumba iliyonse, koma sewerolo linabwerera mu Disembala chaka chomwecho ndi dzina lowonjezera komanso nkhope zina. Ku America, kumene masewero a masana amenewa anayambira, Susan Lucci anasewera ngati Erica Kane mu sewero la All My Children kuyambira 1970, ndipo anasankhidwa kupikisana pa mphoto ya Daytime Emmy, imene imaperekedwa kwa ochita bwino m'mapulogalamu a masana a pa kanema, n'kulephera maulendo 18 asanaipate mu 1999. Ngakhale mayi ameneyu, atatumikira zaka 41, sanathe kuletsa kampani ya kanema ya ABC kuthetsa sewerolo mu 2011 n'kuikapo pulogalamu ya zophikaphika, imene inali yotsika mtengo kukonza. Kumeneko munthu amatha kusaina zaka zitatu, koma kampani imadzisungira mphamvu yomuchotsa pakutha pa masabata 13 kapena 26 alionse, pamene iye alibe ufulu wochoka. Ngati zimachitikira amenewo, kuli bwanji mphunzitsi amene angoyamba kumene?

Komabe, achemwali, pitani mukasewere, chifukwa mwayi umenewu subwera kawiri, ndipo ine ngati atandiimbira foni lero ndikhoza kunyamuka osafunsa n'komwe za malipiro. Palibe sukulu ya zisudzo imene ingakuphunzitseni zimene mudzaphunzire poloweza masamba ambirimbiri usiku uliwonse ndi kulira misozi yeniyeni kamera ikangoyatsidwa. Kungoti kusukuluko pemphani tchuthi chosalipidwa m'malo molemba kalata yosiya ntchito, ndipo kontirakitiyo mupite nayo kwa loya kapena kwa munthu amene wakhalitsa m'zisudzo musanasaine. Afunseni ngati adzakulipirani pamwezi kapena pa tsiku limene mwajambula, chifukwa olemba akhoza kukuiwalani milungu ingapo inu muli pakhomo osalandira kanthu. Afunseninso kuti adzakuchenjezani kutatsala nthawi yotani akafuna kukuchotsani, ndiponso ngati mudzaloledwa kuchita malonda a pa kanema kapena masewero ena pambali. Akakuyankhani kuti muno timakhala ngati banja limodzi ndipo zimenezo sizifunika kulemba, muwauze mwaulemu kuti azilembe ndithu, ndipo kope lanu mulisunge kunyumba, osati m'chipinda chovalira.