Funsani Aphunzitsi: Ana anga akamalangiza m'Chingerezi amamveka ngati apolisi

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimaphunzitsa Chingerezi giredi 11 kuno ku Chipata. Ndinawauza ana alembere kalata mnzawo amene akufuna kusiya sukulu kuti azikagulitsa zinthu pa boda ya Mwami, amulangize. Zomwe ndinawerenga ndinagwira mutu, mzere uliwonse "you must", ena mpaka "I am giving you advices". Nditani kodi?
Mphunzitsi watsopano, Kapata

YANKHO: Amayi, mtima pansi, anawo kulangiza amadziwa kale, chawasowa ndi mawu chabe. Kumbukirani kuti mu 2014 ana a kuno anayamba kuphunzira m'Chinyanja giredi 1 mpaka 4 ndiye m'mutu mwawo muli "uyenera", ndipo mawu oyamba amene amawapeza m'Chingerezi ndi "must" basi. Manje vuto ndi ili, ife ulemu timaunyamulira pa "inu", pa "a-" komanso pa kugwada kumene, koma Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yemweyo kwa mwana ndi kwa amfumu omwe, ndiye kufewa konse kumakhala m'timawu tothandiza mneni monga "could" ndi "should".

Ine ndikanayamba osatsegula buku. Afunseni m'Chinyanja kuti azakhali kapena ankhoswe akabwera kudzalangiza munthu amayamba bwanji. Adzakuuzani okha kuti sayamba ndi lamulo, amayamba ndi "tamva zomwe zikukuvuta mwanawe", kenako chifukwa, kenako njira. Kalata yabwino ndi yomweyo: asonyeze kuti wamva vuto (mnyamata uja mwina kunyumba kulibe ndalama ya sopo, si ulesi ayi), apereke malangizo awiri kapena atatu lililonse ndi chifukwa chake, atseke momulimbitsa mtima.

Ndiye lembani makwerero pa bolodi. Pansi "you could" ndi "why don't you", amenewa ndi ongonyengerera. Pakati "you should", "you ought to" ndi amene ine ndimawakonda kwambiri, "if I were you, I would", chifukwa ndi "ndikanakhala ine" wathu yemwe uja, ana amawagwira tsiku lomwelo. Pamwamba "you had better" amene ali ndi kachenjezo mkati, ndi "must". Muwauze kuti "must" ndi ngati tsabola, kamodzi m'kalata yonse wakwana.

Za "advices" zo, "advice" ndi ngati madzi, sawerengeka, munthu amati "some advice" kapena "a piece of advice". Wothera ndi "-se" uja, "advise", ndi mneni. Yang'aniraninso "should to go", pambuyo pa "should" sipabwera "to", koma "ought" sayenda popanda iye. Chingerezi ndi chokondera, tingatani.

Chinanso, asamalembe kalata zopita kwa inu nokha, zimatopetsa. Aliyense alembe vuto lopeka pa kapepala osaika dzina, muponye m'katoni, wina atole ayankhe, mwini vuto anene ngati malangizowo angawatsatire kapena amukwiyitsa. Nenetsani kuti lopeka, apo ayi mudzapezamo za m'nyumba za eni ake. Pochonga musamangosaka sipelo ndi bolopeni yofiira, ikani kamzere pamene pali malangizo opanda "because" muwabwezere akamalize, chizolowezi chimenecho chidzawathandizanso pa kompozishoni ya mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso m'Zambia, chaka chamawa.